Disiki inafa, sipeya inalowa yokha: ndingoikanso sipeya ina?

Funso: Ndimasamalira makompyuta pa kampani yaing'ono. Tili ndi seva ya Linux yokhala ndi malo a madisiki 8, ndipo disiki iliyonse ndi ya 8 TB. Madisiki 7 ali mu RAID 5 ya mdadm, ndipo imodzi inali hot spare, sipeya yoyaka kale yodikirira kulowa m'malo mwa disiki yakufa. Onse tinawagula tsiku limodzi zaka zitatu ndi theka zapitazo. Sabata yatha disiki imodzi inafa, sipeya inalowa yokha, ndipo kumanganso kunatenga maola pafupifupi 40. Palibe fayilo imene yatayika. Tsopano malo amodzi ali opanda kanthu. Kodi ndingogula disiki ina n'kuiika ngati sipeya monga kale? Komanso abwana anga akuti popeza makinawa adzikonza okha, palibenso chifukwa chowonongera ndalama pa backup. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Achimwene, mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa zinthu zikadali bwino. Ambiri amabwera ndi funso ngati lanuli disiki yachiwiri itafa kale, pamene chotsala n'kuwapepesa basi. Disiki yatsopano gulani, musazengereze, ndipo ngati thumba lilola gulani awiri. Koma imene mukalowetse m'malo opanda kanthuwo isakakhalenso sipeya. Ikalowe m'gulu la anzake, RAID 5 yanu isanduke RAID 6. RAID ndi njira yomangira madisiki angapo m'gulu limodzi kuti ina ikafa deta isatayike.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake. Mu RAID 5 ya madisiki 7, malo okwana disiki imodzi amapita ku parity, chiwerengero chothandiza kupezanso deta ya disiki yakufa, ndiye mumatsala ndi madisiki 6 a 8 TB, omwe ndi 48 TB. Mu RAID 6 ya madisiki 8, malo okwana madisiki awiri amapita ku parity, ndipo mumatsalanso ndi 48 TB yomweyo. Madisiki ake ndi omwewo, magetsi ake ndi omwewo, malo osungira sanachepe ngakhale pang'ono. Chimene chasintha ndi ntchito ya disiki yachisanu ndi chitatu ija. Ikakhala sipeya imangozungulira yopanda kanthu kwa zaka, n'kudzayamba kulandira deta tsoka litagwa kale. Ikakhala m'gulu la RAID 6 imakhala itasenza kale katundu wake kuyambira tsiku loyamba, moti disiki ina ikafa, chitetezo chachiwiri chimakhala chili m'malo mwake nthawi yomweyo, osati patapita maola 40.

Kuti izi zimveke, ndifotokoze pang'ono za parity. Taganizirani manambala atatu, 3, 5 ndi 2, ndipo pambali mwalemba kuti onse pamodzi ndi 10. Nambala 5 ikafufutika, mumaipezanso pochotsera 3 ndi 2 ku 10. Kompyuta imagwiritsa ntchito masamu ena otchedwa XOR, koma nzeru yake ndi yomweyi. Tsono manambala awiri akafufutika nthawi imodzi, 10 uja sakuthandizaninso. RAID 6 imasunga chiwerengero chachiwiri chowerengedwa m'njira ina, n'chifukwa chake imapirira madisiki awiri akafa. Parity imeneyi sikhala pa disiki imodzi, imamwazidwa pa madisiki onse a m'gululo. Maganizo ambiri a RAID analongosoledwa mu 1988 ndi David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku University of California, Berkeley. Nthawi imeneyo madisiki ankayezedwa m'ma megabyte, ndipo kumanganso disiki imodzi sinali nkhani ya masiku. Madisiki akula kwambiri kuyambira pamenepo, koma liwiro lowerengera ndi kulembera silinakule mofanana. Disiki ya 8 TB, ngakhale italembedwa mosalekeza pa liwiro la 150 MB pa sekondi, imafuna maola pafupifupi 15 kuti idzaze. Yanu inatenga 40 chifukwa anthu ankagwiritsabe ntchito seva nthawi yomweyo.

Pa maola 40 amenewo, deta ya kampani yanu inalibe chitetezo chilichonse. Ndikufuna mfundo imeneyi ikhazikike mumtima, chifukwa apa ndi pamene ambiri amanamizika ndi hot spare. Sipeya ikalowa, mdadm, pulogalamu yoyendetsa RAID mu Linux, imayenera kuwerenga madisiki 6 otsalawo kuyambira sector (kachigawo kakang'ono ka disiki) yoyamba mpaka yomaliza, 48 TB yonse, kuti ipeze zimene zinali pa disiki yakufa. Pakapezeka kachigawo kamodzi kosawerengeka pa disiki ina iliyonse mwa otsalawo, palibe kwina kokatenga deta ya pamenepo. Opanga madisiki amalemba okha pa mapepala awo kuchuluka kwa zolakwika zoterezi. Pa madisiki wamba a makompyuta a pa desiki amalemba kuti cholakwika chosakonzeka sichipitirira chimodzi pa mabiti 10^14, kutanthauza 1 wotsatiridwa ndi maziro 14, omwe ndi pafupifupi 12.5 TB. Pa madisiki ambiri a maseva amalemba 10^15. Inu munawerenga 48 TB, pafupifupi kanayi kuposa 12.5 TB ija. Ngakhale titatenga nambala ya madisiki a maseva monga mmene yalembedwera, mwayi wokumana ndi cholakwika pa 48 TB umayandikira kamodzi pa katatu. Ndinene moona kuti manambala amenewa ndi malire amene wopanga amalonjeza, ndipo madisiki athanzi nthawi zambiri amachita bwino kuposa pamenepo, apo ayi bwenzi kumanganso kulikonse kukulephera. Komabe akusonyeza kumene mphepo ikulowera: gulu likamakula, RAID 5 imanka ikhala yodalira mwayi. Mu RAID 6, kachigawo kosawerengeka kakapezeka pa nthawi yomanganso, parity yachiwiri imakakonza ndipo ntchito imapitirira ngati sipanachitike kanthu.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chiganizo chakuti onse munawagula tsiku limodzi. Madisiki amenewo mwina anatuluka m'fakitale imodzi sabata imodzi, anayenda m'katoni imodzi, akhala m'kutentha kumodzi, akunjenjemera limodzi m'bokosi limodzi, ndipo aliyense wagwira ntchito maola opitirira 30,000. Chimene chinapha woyamba chikhoza kukhala chikudya anzake mwakachetechete. Mu 2007, Bianca Schroeder ndi Garth Gibson a ku Carnegie Mellon University anafufuza zolemba za madisiki pafupifupi 100,000 ogwira ntchito m'malo akuluakulu. Anapeza kuti nthawi zambiri madisiki 2 mpaka 4 pa 100 alionse ankasinthidwa chaka chilichonse, pamene mapepala a opanga ankasonyeza osakwana 1 pa 100. Anapezanso kuti chiwerengerochi chimakwera madisiki akamakula, ndiponso kuti imfa za madisiki zimakonda kutsatizana pafupipafupi m'malo mobalalika. Onjezanipo kuti kumanganso ndi ntchito yolemetsa kuposa ina iliyonse imene madisiki okalambawo anagwirapo, ndipo mwaona chifukwa chake disiki yachiwiri imakonda kugwa pa nthawi yoipitsitsa.

Pali chitsanzo china chimene ndimakonda kuuza anthu, ngakhale chikukhudza ma SSD, madisiki opanda mbale zozungulira, osati madisiki ozungulira ngati anuwa. Kumapeto kwa 2019, kampani ya HPE inachenjeza kuti ma SSD ake ena a SAS anali ndi vuto mu firmware, pulogalamu ya mkati mwa disiki, lowachititsa kufa akakwanitsa maola 32,768, omwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8. Aliyense amene anayatsa ma SSD otere tsiku limodzi akanawataya onse pafupifupi nthawi imodzi, sipeya yomwe, ngati sanaike firmware yatsopano. Palibe mtundu wa RAID umene ungapirire zimenezo. Choncho disiki yatsopanoyo ikakhala ya gulu lina lopangidwa nthawi ina, kapenanso ya kampani ina, musadandaule. Ndi bwino kutero.

Musandimve ngati ndikunyoza hot spare. Ili ndi ntchito yake, kungoti ntchitoyo ndi imodzi yokha: kufupikitsa nthawi ya pakati pa imfa ya disiki ndi kuyamba kwa kumanganso. Ngati seva ili kutali, kumene munthu amafikako patapita masiku, sipeya yoyaka kale ndi yamtengo wapatali. Ngati muli ndi bokosi la madisiki 24 kapena 60 logawidwa m'magulu angapo a RAID 6, sipeya imodzi kapena ziwiri zotumikira magulu onse ndi nzeru yabwino, chifukwa pamenepo disiki imodzi ikulondera madisiki ambiri. Ma controller a hardware, makadi apadera oyendetsa RAID, amaitcha global hot spare, kusiyanitsa ndi dedicated hot spare imene imadikirira gulu limodzi lokha. Mu mdadm mumachita zofanana polemba dzina limodzi la spare-group pa magulu onse mu mdadm.conf, ndipo mdadm --monitor imasamutsa sipeya kupita ku gulu limene lavulala. Mu ZFS, njira ina yomangira madisiki m'gulu, pulogalamu ya ZED ndi imene imalowetsa sipeya, ndipo ikakhala kuti sikuyenda, sipeya imangokhala chete disiki itafa. Kuyambira mu OpenZFS 2.1, imene inatuluka mu 2021, kuli dRAID, imene imamwaza malo a sipeya pa madisiki onse kuti pomanganso madisiki ambiri azilemba nthawi imodzi. Koma zonsezi ndi za mabokosi akuluakulu. Pa malo 8 okha, ndi inu muli pafupi, sipeya yoyaka pamwamba pa RAID 5 ndi kuwononga disiki yabwino.

Palinso mbali ina imene anthu saiganizira. Hot spare sifunsa munthu. Disiki ikafa usiku, kumanganso kumayamba pomwepo, madisiki okalamba aja n'kuyamba kukakamizidwa inu muli m'tulo. Ngati backup yanu ndi ya mwezi watha, mukanakonda kukopera kaye mafayilo ofunika kwambiri, omwe mwina ndi 2 TB chabe, musanalamule madisiki kuwerenga 48 TB. Sipeya imakulandani mpata wosankha umenewo. Pa RAID 6 vutoli ndi laling'ono popeza chitetezo chimodzi chimakhala chilipobe, koma pa RAID 5 yopanda backup yatsopano ndi nkhani yoopsa ndithu.

Tsopano za kasinthidwe kake. mdadm imatha kusandutsa RAID 5 kukhala RAID 6 seva ikugwirabe ntchito, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi backup yathunthu, ndipo mubwezeretseko mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti ikuwerengeka. Kenako yesani disiki yatsopano isanalowe m'gulu. Ine sindikhulupirira disiki imene yangotuluka m'katoni, chifukwa ina imavulala panjira ndipo imadzaonetsa khalidwe lake m'masabata oyambirira. Ndimaiyendetsa ndi badblocks -w, imene imalemba ndi kuwerenga disiki yonse kanayi ndi zilembo zosiyana, ndipo pa disiki yaikulu chonchi muyenera kuwonjezera -b 4096. Samalani kwambiri dzina la disiki polemba lamuloli, chifukwa limafufuta chilichonse chimene lapeza. Zimatenga masiku angapo. Zikatha, ndimayendetsa smartctl -t long n'kuyang'ana ngati manambala a SMART, amene disiki imasunga okhudza thanzi lake, asuntha. Disiki ikadutsa bwino, lamulani gulu lakale kuti lidziwerenge lonse polemba mawu akuti check mu /sys/block/md0/md/sync_action, kuti ngati pali disiki ina yodwala muidziwe ntchito yaikulu isanayambe. Pamenepo ndiye mulowetse yatsopano ndi mdadm /dev/md0 --add, n'kutsatiza mdadm --grow /dev/md0 --level=6 --raid-devices=8, pamodzi ndi --backup-file yolozera ku disiki imene ili kunja kwa gululo. Ntchito imeneyi imasuntha deta yonse, ndipo ikhoza kutenga masiku ambiri kuposa kumanganso kuja. Seva ikhale pa UPS yoyesedwa, batire yoisunga yoyaka magetsi akazima, ndipo muziyang'ana /proc/mdstat m'mawa ndi madzulo.

Ngati muli ndi malo ena okwana kusungako deta yonse, njira imene ine ndimakonda ndi kukopera zonse kumeneko, kumanga RAID 6 yatsopano kuchokera pachiyambi, n'kubwezeretsa. Imafuna kuti seva iime kwa kanthawi, koma imakukakamizani kuyesa backup yanu yonse, chinthu chimene makampani ambiri sanachitepo n'kamodzi komwe. Amene akugwiritsa ntchito ZFS alibe njira ina kupatula imeneyi, popeza raidz1, yofanana ndi RAID 5, siisandulika raidz2, yofanana ndi RAID 6, ili pamalo.

RAID 6 ili ndi mtengo wake, ndipo sindikubisirani. Kusintha kachidutswa kakang'ono ka deta kumafuna kuwerenga ndi kulemba kanayi mu RAID 5, kasanu ndi kamodzi mu RAID 6. Ngati seva yanu ndi yosungira mafayilo a mu ofesi, simudzamva kusiyana kwenikweni. Ngati ikunyamula database yotanganidwa kapena makompyuta ambiri a virtual, ganizirani RAID 10, imene imaika madisiki awiriawiri ofanana. Imeneyo imakupatsani 32 TB yokha pa madisiki 8, koma imalemba mwachangu ndipo pomanganso imawerenga disiki imodzi yokha. Choopsa chake n'chakuti madisiki awiri a banja limodzi akafa, gulu lonse lapita.

Pogula disiki, pali misampha ingapo. Woyamba ndi SMR. Madisiki a mtundu umenewu amalemba mizere yosanjikizana, moti kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso yoyandikana nayo. Pa ntchito yopepuka sizioneka, koma pa kulemba kosalekeza kwa maola ambiri liwiro limagwa kwambiri mpaka disiki ikhoza kutayidwa m'gulu ngati yakufa. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a pakati pa 2 TB ndi 6 TB anali a SMR popanda kulembedwa poyera, ndipo pambuyo pake a CMR, amene salemba mizere yosanjikizana, anapatsidwa dzina la WD Red Plus. Choncho musadalire mtundu wa chizindikiro pa katoni, fufuzani nambala ya model pa pepala la wopanga muone kuti palembedwa CMR. Msampha wachiwiri ndi kukula. Disiki yatsopano iyenera kufanana kapena kuposa akalewo mpaka pa byte yomaliza, ndipo blockdev --getsize64 idzakuuzani zoona. Yang'ananinso kukula kwa sector, chifukwa kusakaniza mitundu iwiri ya 512e ndi 4Kn m'gulu limodzi kumabweretsa mavuto, ndipo ma controller ambiri amakana.

Msampha wachitatu ndi wobisika, ndipo wagwetsa magulu ambiri amene madisiki ake anali abwinobwino. Disiki wamba ya pa desiki ikakumana ndi sector yovuta, imalimbana nayo kwa nthawi yaitali, mwina kupitirira mphindi, osayankha china chilichonse. Linux imadikira masekondi 30 basi, kenako imayamba kuidzutsa mokakamiza, ndipo mapeto ake disiki imatulutsidwa m'gulu chifukwa cha sector imodzi imene parity ikanaikonza m'kuphethira kwa diso. Madisiki opangidwira RAID amagonja msanga, kawirikawiri pa masekondi 7, n'kusiyira gulu kuti likonze. Western Digital imatcha khalidweli TLER, Seagate imati ERC. Funsani disiki iliyonse ndi smartctl -l scterc. Ngati imalola koma yazimitsidwa, smartctl -l scterc,70,70 imaika masekondi 7, ndipo pa madisiki ambiri muyenera kubwereza lamuloli nthawi iliyonse magetsi akazima n'kuyakanso. Ngati siilola n'komwe, kwezani nthawi yodikira ya Linux mu /sys/block/sdX/device/timeout kufika masekondi 180.

Disiki yachiwiri imene ndati mugule ija ikhale pa shelefu, m'kathumba kake kotchinga magetsi a static, itayesedwa kale ngati inzake, ndipo mulembepo tsiku limene munaiyesa. Imeneyi ndiyo amati cold spare. Siikalamba ndi kuzungulira, ndipo magetsi oipa akawotcha za m'bokosi, iyo imapulumuka. Kumbukirani kokha kuti warranty yake ikutha ili pa shelefupo, ndiye muziilumikiza kamodzi kapena kawiri pachaka n'kuiyesanso. Chimodzimodzinso kwa amene ali ndi hot spare: check ya mdadm siwerenga sipeya ngakhale pang'ono, popeza palibe deta ya gulu pamenepo. Ndinaonapo sipeya imene inafa mwakachetechete miyezi yambiri m'mbuyo, n'kudzadziwika tsiku limene inkafunika. Ikani smartd kuti iziyesa madisiki onse, sipeya yomwe.

M'kalata yanu simunanene kuti munadziwa bwanji za imfa ya disikiyo. Ngati munalandira uthenga usiku womwewo, zili bwino. Ngati munangoona nyali yofiira podutsa, konzani zimenezo musanagule n'komwe disiki. Lembani MAILADDR mu mdadm.conf, ndipo yesani ndi mdadm --monitor --scan --test --oneshot mpaka uthenga ufike pa foni ya munthu wamoyo, osati ku adiresi ya wantchito amene anachoka chaka chatha. Pa SMART, manambala amene ndimayang'ana ndi 5, 187, 188, 197 ndi 198, omwenso kampani ya Backblaze inanena kuti imawadalira posankha madisiki oti achotsedwe. Nambala 5 imawerenga ma sector amene asamutsidwa kale, 197 amene akudikira kusamutsidwa, 187 ndi 198 zolakwika zosakonzeka, 188 malamulo amene disiki inalephera kuyankha pa nthawi yake. Chofunika kwambiri ndi kuona ngati akukwera. Koma SMART si mlosi. Kafukufuku wa Google wa mu 2007, wa madisiki opitirira 100,000, anapeza kuti disiki imene yaonetsa cholakwika choyamba pa scan inali ndi mwayi wofa m'masiku 60 wochuluka ka 39 kuposa inzake yopanda cholakwika, komabe madisiki 36 pa 100 alionse amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Ikakuchenjezani, imvereni. Ikakhala chete, musagone nazo tulo, tsoka silinunkha.

Check ya mwezi ndi mwezi musaiphonye. Ma sector amawonongeka ngakhale pamene palibe akuwawerenga, ndipo mafayilo akale amatha zaka osatsegulidwa. Check imawerenga gulu lonse parity ikadali yathunthu, choncho sector yoipa ikapezeka imalembedwanso pomwepo m'malo modzatulukira pakati pa kumanganso. Debian imachita zimenezi yokha Lamlungu loyamba la mwezi, koma tsimikizani kuti pa seva yanu zikuchitikadi, ndipo ikatha muziyang'ana mismatch_cnt, nambala yosonyeza malo amene deta sinagwirizane ndi parity. Ma controller a hardware amatcha ntchito zoterezi patrol read ndi consistency check, ZFS imati scrub.

Disiki ikayamba kudwala koma isanafe, musaizule. Ambiri amaichotsa n'kulowetsa yatsopano, potero amadzigwetsera okha m'nthawi yochepa chitetezo. Ngati pali malo olumikizira disiki ina, ngakhale kwa kanthawi chabe, ilowetseni ndi --add kenako mdadm /dev/md0 --replace yodwalayo --with yatsopanoyo. mdadm imakopera kuchokera ku yodwala ikadali m'gulu, ndipo pamene yalephera kuwerenga imatenga kwa anzake. Popeza madisiki anu 6 ndi a msinkhu umodzi, ndi yomwe inali sipeya ija yazunguliranso zaka zomwezo, konzani bajeti yowasintha imodziimodzi m'njira imeneyi m'chaka chikubwerachi kapena chinacho, osati onse sabata imodzi.

Pozula disiki, dzanja lisathamange. Zaka zapitazo ndinaitanidwa ku ofesi ina kumene mnyamata wakhama ndithu anaona kuti /dev/sdd yafa, n'kuwerenga malo kuchokera kumanzere mpaka achinayi, n'kuzula. Inali disiki yamoyo. RAID 5 inataya madisiki awiri m'sekondi imodzi. Tinaibweza ndi mdadm --assemble --force chifukwa panalibe zambiri zimene zinalembedwa pakatipo, koma unali usiku wautali, ndipo nkhope ya mnyamatayo sindidzaiiwala. Mayina ngati sdc ndi sdd amasintha kompyuta ikayakanso, ndipo sagwirizana ndi malo a m'bokosi. Dalirani serial number. Ipezeni ndi smartctl -i kapena mu /dev/disk/by-id, yatsani nyali ya malowo ndi ledctl ngati bokosi lanu limalola, ndipo lero lomwe lembani pepala losonyeza serial number ya malo alionse n'kulimata pa seva.

Tifike kwa abwana anu. Muwalankhule mwaulemu, chifukwa zimene aona n'zoona: disiki inafa ndipo ntchito siinaime. Imeneyo ndiyo ntchito ya RAID, kuti anthu apitirize kugwira ntchito chitsulo chimodzi chikawonongeka. Tsono muwafunse kuti wantchito akafufuta foda ya zaka zisanu mwangozi chichitike n'chiyani. RAID imafufuta pa madisiki onse nthawi yomweyo, mokhulupirika. Ransomware, pulogalamu ya akuba ofuna dipo, ikalowa n'kutseka mafayilo, RAID imasunga mafayilo otsekedwawo ndi parity yake yolondola bwino. Moto, madzi, akuba ndi mphezi zimatenga bokosi lonse, sizisankha disiki. Pulogalamu ikalemba zinyalala mu database, zinyalalazo zimatetezedwa ngati deta yabwino. Pa zonsezi ngakhale RAID 6 imene ndakulangizaniyi siithandiza kanthu, ndipo madzi akatayika saoleka. Lamulo limene akatswiri ambiri amatsata ndi la 3-2-1: makope atatu a deta, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi lili kutali ndi nyumbayo. Ine ndimawonjezera kuti kope limodzi likhale loti seva yeniyeniyo singathe kulifufuta, kaya ndi tepi ya LTO, disiki yozulidwa, kapena malo a pa intaneti amene amakana kusintha zolembedwa kwa masiku oikika. Ngati 48 TB yonse ikuwaopsa pa ndalama, khalani nawo pansi mugawe deta: imene kampani singakhale popanda iyo, ndi imene ingapezekenso kwina. Kawirikawiri gawo loyambalo ndi laling'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Ndipo muwapemphe tsiku limodzi pa miyezi itatu iliyonse loti mubwezeretse foda imodzi iwo akuona, mukuwerenga nthawi imene zatenga.

Chomaliza ndi disiki yakufa ija, imene ndikukhulupirira kuti ili mu kabati yanu. Musaitaye m'bini kapena kuibweza kwa wogulitsa musanaganize. Anthu amayesa kuti disiki imodzi ya RAID 5 ilibe chowerengeka popeza deta inamwazidwa, koma mdadm imagawa deta m'zidutswa za 512 KB ngati simunasinthe, ndipo kalata, mndandanda wa malipiro kapena fayilo ya ma password zimakwana zathunthu m'chidutswa chimodzi. Ngati ikuyankhabe, ilembeni maziro kuyambira koyamba mpaka kumapeto kapena gwiritsani ntchito secure erase. Ngati siyankha ndipo warranty ikadalipo, funsani wogulitsa ngati ali ndi dongosolo lolola kuti musunge disiki yakufayo akakupatsani ina. Akakana, abwana anu asankhe okha pakati pa mtengo wa disiki imodzi ndi zinsinsi zimene zili mmenemo, ndipo akasankha zinsinsi, ibooleni mbale zake ndi drill musanaipereke kwa otolera zinyalala za zamagetsi.